Zubair ibn al-Awwam: Swahaba amene ankasandutsa chosungitsa kukhala ngongole

Pakati pa Maswahaba khumi amene Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adawauza nkhani yabwino ya Jannah akadali moyo, Zubair ibn al-Awwam (Allah asangalale naye) timam'dziwa kwambiri chifukwa cha lupanga lake. Ana athu kumadrasa amaphunzira za kulimba mtima kwake pankhondo ya Badr ndi ya Yarmuk. Koma pali mbali ina ya moyo wake imene sitiikamba kawirikawiri. Anthu ankamusungitsa ndalama zochuluka, ndipo pomwalira adasiya ngongole ya madirham 2,200,000, pamene m'nyumba mwake mudalibe ngakhale dirham imodzi. M'mene ngongoleyo idachulukira ndi m'mene idabwezedwera muli phunziro kwa aliyense wa ife amene amasunga ndalama za mnzake kapena kusungitsa zake, kaya kubanki, kugolosale kapena kwa m'bale.

Zubair adabadwira ku Makka cha m'ma 594, m'banja lolumikizana ndi Mtumiki mbali ziwiri. Mayi ake adali Safiyya bint Abdul-Muttalib, azakhali a Mtumiki, choncho iye ndi Mtumiki adali pachisuweni. Bambo ake, al-Awwam ibn Khuwaylid, adali mlongo wa mayi Khadija, mkazi woyamba wa Mtumiki. Bambowo adamwalira Zubair ali mwana, ndipo Safiyya adamulera mosam'sasatitsa, pofuna kuti akule wopirira ndi wodzidalira.

Adalowa Chisilamu ali mnyamata wa zaka pafupifupi 15, ndipo adali m'gulu la oyambirira amene adaitanidwa ndi Abu Bakr. Olemba mbiri amasimba kuti mmodzi wa abale a bambo ake ankamukulunga mumphasa ndi kumufukiza utsi kuti asiye chikhulupiriro chake, koma iye sadabwerere m'mbuyo. Mazunzo atakula mu Makka, adasamuka ndi anzake kupita ku Habasha, dziko la muno mu Afrika limene lero timalitcha Ethiopia. Kumeneko kudabuka nkhondo pakati pa mfumu Najashi, imene idalandira Asilamu, ndi munthu wina wofuna kulanda ufumu. Asilamu adada nkhawa, pakuti kugonja kwa Najashi kukadawasiya opanda mthunzi. Zubair, amene adali mwa aang'ono pagululo, adamangirira pachifuwa thumba lachikopa louzira mpweya, nasambira kuwoloka mtsinje wa Nile kukaona m'mene nkhondo ikuyendera, ndipo adabwerako ndi uthenga wakuti Najashi wapambana. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa kuti kuwoloka madzi akuluakulu ndi manja si masewera.

Msamuko wa ku Madina wa mu 622 udamupeza atakwatira Asma, mwana wa Abu Bakr. Mwana wawo Abdullah ndiye adali woyamba kubadwa mwa ana a osamuka atafika ku Madina. Banjali lidayamba moyo mu umphawi. M'buku la Sahih al-Bukhari, Asma akufotokoza kuti mwamuna wake adalibe chuma china kupatula hatchi imodzi ndi ngamira yotungira madzi. Iye mwini ankadyetsa hatchiyo, kutunga madzi, kusoka chotungira ndi kukanda ufa. Ankasenza pamutu nthanga za tende kuchokera kumunda umene Mtumiki adapatsa Zubair, mtunda wopitirira makilomita atatu, kufikira pamene bambo ake adam'tumizira wantchito wosamalira hatchi. Ndi bwino kukumbukira chiyambi chimenechi tikamamva za mamiliyoni amene adadza pambuyo pake.

Zubair sadaphonye nkhondo iliyonse imene Mtumiki adamenya. Ku Badr mu 624 adavala nduwira yachikasu. Ku Uhud mu 625 adali mwa amene sadathawe zinthu zitavuta. Pankhondo ya Khandaq mu 627, Madina atazingidwa, Mtumiki adafunsa katatu za munthu woti akazonde adani, ndipo katatu konse adadzipereka ndi Zubair. Apo ndi pamene Mtumiki adamutcha hawari wake, kutanthauza mthandizi wapamtima wonga amene mneneri aliyense amakhala naye. Mtumiki atamwalira, Zubair adamenya nawo nkhondo ya Yarmuk mu 636, kumene adaboola mizere ya asilikali a Roma ndi kuvulala paphewa. Mwana wake Urwa ankakumbukira kuti ali wamng'ono ankalowetsa zala m'zipsera zimenezo posewera. Mu 640 Khalifa Umar adamutuma ku Egypt ndi gulu lokathandiza Amr ibn al-As, ndipo iye ndi amene adatsogola kukwera makwerero pa linga la Babylon. Umar ali pafupi kumwalira mu 644, adamuika m'gulu la anthu asanu ndi mmodzi oti asankhe Khalifa pakati pawo.

Ngakhale adali ndi mbiri yotere, Zubair sadakhalepo bwanamkubwa wa chigawo chilichonse, ndiponso sadagwirepo ntchito yotolera misonkho. Mwana wake Abdullah adanenetsa mfundo imeneyi, kuti pasakhale wokayikira kumene chuma cha bambo ake chidachokera. Chidachokera ku gawo lake la zopeza pankhondo, ku malonda ndi ku malo. Adagula minda ndi nyumba m'mizinda imene inkakula msanga m'masiku amenewo: Madina, Basra, Kufa ndi ku Egypt. Munda waukulu wa al-Ghaba, kumpoto kwa Madina, adaugula ndi madirham 170,000.

Kukhulupirika kwake kudadziwika kotero kuti Maswahaba akuluakulu, monga Abdul-Rahman ibn Awf, Abdullah ibn Mas'ud ndi Miqdad, adamuika kukhala woyang'anira chuma chawo chamasiye. Anthu enanso ankabwera ndi ndalama zawo kuti awasungire, pakuti nthawi imeneyo kudalibe banki, ndipo munthu wopita ulendo wautali ankafuna malo osiyako chuma chake. Apa ndi pamene Zubair ankachita chinthu chimene ambiri a ife tingadabwe nacho. Ankakana kulandira ndalamazo monga chosungitsa, nauza mwini wake kuti azilandira ngati ngongole, chifukwa ankaopa kuti zingatayike.

Kusiyana kwa ziwirizi m'malamulo a Shariya ndi kwakukulu. Chosungitsa, chimene akuluakulu a fiqh amachitcha wadi'a, ndi amana. Wosunga saloledwa kuchigwiritsa ntchito, ndipo chikabedwa kapena kupsa popanda kulekerera kwake, salipira kanthu. Wotaya ndi mwini wake. Ngongole, imene amaitcha qardh, imalowa m'manja mwa wokongola kukhala yake. Angathe kuchitira malonda, phindu n'kukhala lake, koma ayenera kubweza yonse monga adailandirira, kaya wapindula kaya wagwa, kaya mbala zathyola nyumba. Posankha ngongole, Zubair ankachotsa chiopsezo pamutu pa mwini ndalama n'kudzisenzetsa yekha. Ibn Hajar al-Asqalani, pofotokoza nkhaniyi m'buku lake la Fath al-Bari, akuonetsa kuti njirayi inkateteza kwambiri mwini ndalama, ndipo akuwonjezera maganizo a Ibn Battal akuti inkachititsanso kuti phindu la ndalamazo likhale la halali kwa Zubair. Mwini ndalama sankalandira choonjezera chilichonse, choncho riba padalibe.

Moyo wake udathera m'masiku a fitina imene idatsatira kuphedwa kwa Khalifa Uthman mu 656. Zubair, Talha ndi mayi Aisha adapita ku Basra kukafuna chilungamo pa imfayo, ndipo magulu awiri a Asilamu adayang'anizana pankhondo imene imatchedwa ya Ngamira. Tsiku limenelo Zubair adaitana Abdullah n'kumuuza kuti akuona kuti saliona dzuwa la mawa, ndi kuti nkhawa yake yaikulu ndi ngongole zake. Adam'lamula kugulitsa katundu ndi kubweza ngongole zonse. Adasiyanso chilawo, chimene timati wasiya, chakuti pa zotsala pachotsedwe gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo pagawolo limodzi mwa magawo atatu lipite kwa ana a Abdullah. Adamuuzanso kuti akadzasowa pogwira adzapemphe thandizo kwa Mtetezi wake. Abdullah sadamvetse kuti akunena yani, mpaka atafunsa ndi kuyankhidwa kuti ndi Allah. Pambuyo pake ankasimba kuti nthawi iliyonse imene ngongolezo zinkamuthina, ankaitana Mtetezi wa Zubair, ndipo njira inkatseguka.

Zubair adakumana ndi Ali pakati pa magulu awiriwo, ndipo Ali atam'kumbutsa mawu ena a Mtumiki, adachoka pabwalo la nkhondo. Ali m'njira, pachigwa cha Wadi al-Siba, munthu wina dzina lake Amr ibn Jurmuz adamutsatira ndi kumupha. Lupanga lake litafika kwa Ali, iye adagwidwa ndi chisoni chachikulu, nakumbukira kuti lupangalo lidatchinjiriza Mtumiki nthawi zambiri. Manda ake ali pafupi ndi Basra, m'tauni ya ku Iraq imene mpaka lero imatchedwa dzina lake.

Abdullah atawerengera, ngongole idakwana madirham 2,200,000. Ndalama za m'manja kudalibe. Kudali minda, kuphatikizapo al-Ghaba, nyumba 11 ku Madina, ziwiri ku Basra, imodzi ku Kufa ndi imodzi ku Egypt. Hakim ibn Hizam, m'bale wa Zubair amenenso adali katswiri pamalonda, adafunsa kukula kwa ngongoleyo. Abdullah adayamba wabisa, natchula 100,000 yokha, ndipo Hakim adakayika ngati katunduyo angakwanitse ngakhale imeneyo. Atamva chiwerengero chenicheni, adaona kuti banjalo silingathe, nalonjeza kuthandiza ngati litalephera.

Koma malo adali atakwera mtengo. Al-Ghaba, imene idagulidwa 170,000, idagulitsidwa 1,600,000, kuposa kasanu ndi kanayi mtengo wake woyamba. Abdullah adaugawa mundawo m'zigawo za madirham 100,000 chilichonse, nalengeza kuti aliyense amene Zubair adali naye ngongole abwere ku al-Ghaba. Adabwera Abdullah ibn Ja'far, amene adasungitsa 400,000. Mwa kukoma mtima kwake adafuna kukhululuka ngongoleyo, kapena kuti ikhale yomalizira kubwezedwa, koma mwana wa Zubair adakana zonse ziwiri. Ibn Ja'far adalandira gawo la munda m'malo mwa ndalama, ndipo pambuyo pake adaligulitsa kwa Mu'awiya pa 600,000.

Ngongole zodziwika zitatha, ana a Zubair adapempha kuti chuma chigawidwe. Abdullah adalumbira kuti sagawa kanthu kufikira atalengeza pa Hajj zaka zinayi zotsatizana, kuti aliyense amene ali ndi chake kwa Zubair abwere adzalandire. Bambo ake adali ndi anthu ku Iraq, ku Egypt ndi m'madera ena, ndipo Hajj ndiyo idali msonkhano wokhawo wofikako anthu a mbali zonse. Zaka zinayi zitakwana, adagawa. Akazi anayi amene Zubair adasiya adalandira aliyense 1,200,000, ndipo chuma chonse chidaposa madirham 50 miliyoni. Palibe wosungitsa ngakhale mmodzi amene adataya chake.

Akatswiri a chuma cha Chisilamu amaitchula nkhani ya Zubair akamafotokoza maziko a mabanki a masiku ano. Banki yoyamba yosungira ndalama popanda chiwongoladzanja idatsegulidwa ku Mit Ghamr, ku Egypt, mu 1963, ndipo mu 1975 kudabadwa Dubai Islamic Bank ndi Islamic Development Bank ya ku Jeddah. Mu 1995 bungwe la akuluakulu a fiqh la maiko a Chisilamu, litakumana ku Abu Dhabi, lidagamula kuti ndalama za muakaunti yotapa nthawi iliyonse ndi ngongole imene banki iyenera kubweza yonse. Imeneyi ndi njira ya Zubair yomwe ija. Wofuna phindu amaika ndalama zake mu mudharaba, mmene iye amapereka mpamba, banki n'kugwira ntchito, phindu n'kugawana monga adapanganira, ndipo malonda akagwa popanda kulekerera kwa banki, mpamba wake umachepa. Pothandiza makasitomala, banki yotere imagula katundu n'kumugulitsa pamtengo wodziwika, kapena kumubwereketsa, kapena kulowa nawo m'malonda. Ndalama iliyonse imayenera kukhala ndi chinthu chenicheni kumbuyo kwake.

Kodi zimenezi zimachititsa mabanki a Chisilamu kukhala olimba kuposa ena? Kafukufuku wa akatswiri awiri a IMF, Martin Čihák ndi Heiko Hesse, amene adatuluka mu 2008, adapeza kuti mabanki aang'ono a Chisilamu adali olimba kuposa mabanki aang'ono achiwongoladzanja, koma pa mabanki akuluakulu zidali zosemphana: achiwongoladzanja ndiwo adali olimba. Kafukufuku wina wa IMF wa mu 2010, wa Maher Hasan ndi Jemma Dridi, adaona zimene zidachitika pa mavuto a zachuma a mu 2008, chaka chimene banki ya Lehman Brothers idagwa ku America. M'chaka chimenecho mabanki a Chisilamu adapirira bwino, chifukwa Shariya idawaletsa kugula mapepala a ngongole zachiwongoladzanja amene adagwetsa anzawo. Koma mu 2009, mavuto atafika pa malonda enieni ndi pa mitengo ya nyumba, phindu la ena mwa iwo lidatsika kwambiri kuposa la mabanki ena, chifukwa cha kufooka pa kayendetsedwe ka chiopsezo.

Mbali zonse ziwirizi zikuoneka pa chuma cha Zubair. Mphamvu yake idali yakuti ndalama za anthu zidalowa m'minda ndi m'nyumba, ndipo katundu wake adaposa ngongole zake koposa makumi awiri. Kufooka kwake kudali kwakuti padalibe ndalama zapafupi. Osungitsa onse akadabwera tsiku limodzi, Abdullah akadakakamizika kugulitsa mothamanga pamtengo wolira, ndipo mantha a Hakim ibn Hizam akadapherezera. Mitengo ya malo ikadatsika m'malo mokwera, nkhaniyi ikadatha mwina. Vuto lomweli limasautsa mabanki a Chisilamu lero. Banki yachiwongoladzanja ikasowa ndalama zapafupi imakongola kwa inzake kapena kubanki yaikulu usiku umodzi, ndipo imasunga mapepala a ngongole za boma osavuta kugulitsa. Banki ya Chisilamu njira zimenezi ilibe, pokhapokha dziko litakonza zina zogwirizana ndi Shariya.

Dzina la Chisilamu palokha silitchinjiriza banki. Islamic Bank Limited ya ku South Africa idagwa mu 1997, ndipo Ihlas Finans ya ku Turkey idatsekedwa mu 2001, osungitsa ambiri n'kusowa mtengo wogwira. M'malo onse awiri vuto lalikulu lidali kayendetsedwe kosalongosoka ndi kupereka ndalama za anthu mosasamala, makamaka kwa oyandikana ndi eni banki. Chimene chidapulumutsa osungitsa a Zubair chidali katundu wokwanira, chiwerengero chodziwika cha ngongole, ndi mwana amene adaika eni ngongole patsogolo pa abale ake enieni.

Kuno kwathu banki yaikulu ya Reserve idaloleza mu 2018 kuti mabanki azitsegula nthambi zoyendera malamulo a Chisilamu, ndipo FDH Bank idatsegula yake yotchedwa Salama. Ndi mwayi kwa mabanja amene akhala akusunga ndalama m'nyumba poopa riba, pamene kwacha ikumka nichepa mphamvu, monga idachitira mu Novembala 2023 itagwetsedwa ndi 44 peresenti. Polowa kumeneko tiyenera kufunsa momveka ngati akaunti yathu ndi ya qardh kapena ya mudharaba, chifukwa ina imabwezedwa yonse popanda phindu, ina ili ndi phindu komanso chiopsezo. Tifunsenso za mashehe amene amayang'anira nthambiyo, ndi malonda amene ndalama zathu zikulowamo.

Komabe ambiri a ife ndalama timasungitsana tokhatokha. Kuno ku Ntcheu timaona abale athu a ku Mangochi ndi ku Salima akufika ndi usipa ndi utaka pamisika ya Lizulu, Kampepuza ndi paboma, n'kubwerera ndi mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, kabichi ndi nyemba. Ambiri amasiya ndalama kwa mwini golosale amene amamukhulupirira, kuti adzagulire katundu ulendo wina. Ana athu a ku Joni amatumiza ndalama kwa amalume kapena achimwene kuti awasungire zomangira nyumba. Msungichuma wa pamzikiti ndi wa banki mkhonde amagona ndi ndalama za anthu ambiri. Kawirikawiri sitinena poyera ngati ndalamazo ndi amana kapena ngongole. Wosunga amatapako kuti awonjezere mpamba, poganiza kuti adzabweza, ndipo zikatayika amati zidali zosungitsa chabe. Kumeneko ndi kudya mbali ziwiri, phindu la ngongole ndi chitetezo cha amana, chinthu chimene Shariya silola. Akatsogola mwadzidzidzi, ana ake amagawana katundu asanamve n'komwe kuti pali eni ndalama, ndipo chibale cha zaka zambiri chimathera kubwalo la mfumu.

Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 m'Surat al-Baqara, ikutilamula kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ndime za chuma chamasiye m'Surat an-Nisa zikubwereza kuti kugawa kumadza pambuyo pa chilawo ndi ngongole. Akuluakulu athu adanenanso kuti mlandu suwola. Amene tikusunga za anthu, tipangane nawo lero lomwe za mtundu wa kasungidweko, tilembe m'kope, ndipo mkazi kapena mwana wamkulu adziwe pamene kopelo lili. Tisalandire zoposa zimene katundu wathu angabweze. Amene tasiyiridwa chuma chamasiye, tilengeze pamaliro ndi pa Jumu'ah, tidikire nthawi yokwanira kuti uthenga ufike kutali, kenako tigawe.

Allah asangalale ndi Zubair ibn al-Awwam, ndi mayi Asma, ndi mwana wawo Abdullah. Atiteteze ku riba ndi ku ngongole yolemetsa, ndipo atipatse ana odzabweza za eni ife titatsogola. Ameen.